Blue Badge kwa amene anapuma usilikali ku Britain: njira yoipezera ndi kagwiritsidwe ntchito kake

Usilikali umasiya zipsera zosiyanasiyana. Wina anabwerako ndi mwendo umodzi. Wina miyendo ilipo yonse, koma mawondo ndi msana zinatha ndi zaka zothamanga atasenza katundu. Wina ukamuona ndi munthu wathanzi ndithu, koma kungofika m'sitolo modzaza anthu thukuta kamukamu, mtima phaphapha, mpaka kubwerera kunyumba osagula kanthu. Onse atatuwa angathe kupeza Blue Badge, baji ya buluu imene munthu amaika kutsogolo m'galimoto kuti aimike pafupi ndi komwe akupita. Kungoti aliyense ali ndi khomo lake lolowera, ndipo ambiri amabwezedwa chifukwa chogogoda pakhomo la mnzawo.

Malangizowa ndi a abale athu ochokera ku Malawi, Zambia ndi maiko ena a Commonwealth amene anagwira ntchito m'gulu lankhondo la Britain n'kukhazikika komweko, komanso akazi awo, amuna awo ndi ana awo, poti kawirikawiri ndiwo amakhala pansi kudzaza mafomu. Baji imaperekedwa ndi khonsolo ya dera lomwe mukukhala. Khonsoloyo ilibe nazo ntchito kuti munabadwira ku Dedza kapena ku Doncaster. Imafuna adiresi yanu ndi kudziwa momwe mumayendera.

Lamulo lomwe linayambitsa zonsezi ndi la 1970, limene phungu Alf Morris analimenyera m'nyumba ya malamulo. Mabaji oyamba anatuluka mu 1971 ali a olenji, ndipo anasanduka a buluu mu 2000. Kuchokera apo khomo lakhala likukulitsidwa pang'onopang'ono. Mu 2011 boma linavomereza kuti msilikali wovulala kwambiri amene analandira chipukuta misozi azipatsidwa baji osayesedwanso. Pa 30 August 2019 ku England anatsegulira anthu a ulumali wosaoneka ndi maso, kuphatikizapo matenda a maganizo. Choncho ngati munayesapo kale tsikuli lisanafike n'kukanidwa, amene anakukanani ndi malamulo akale, pemphaninso.

Zambiri zomwe ndifotokoze ndi za ku England. Pomwe Scotland, Wales kapena Northern Ireland asiyana kwambiri ndinena.

Choyamba: onani ngati muli m'gulu la osayesedwa

Pali anthu amene khonsolo siwayesa n'komwe. Akaonetsa kalata yoyenera, basi, baji ndi yawo. Kwa amene anali msilikali makalata otere alipo awiri, ndipo tsiku lomwe munavulala ndilo limanena kuti yanu ndi iti.

Ngati munavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito tsiku la 6 April 2005 lisanafike, nkhani yanu ili m'manja mwa War Pension Scheme. Kulandira penshoni imeneyi kokha sikukwanira. Chofunika ndi ndalama yoonjezera yothandiza pa mayendedwe, yotchedwa War Pensioners' Mobility Supplement, imene imapita kwa munthu amene ulumali wake anauyeza kuti wafika 40 peresenti kapena kuposa apo ndipo ukumulepheretsa kuyenda. Ngati mumalandira imeneyo, mwadutsa kale.

Ngati munavulala pa 6 April 2005 kapena pambuyo pake, muli pansi pa Armed Forces Compensation Scheme, mwachidule AFCS. Kumeneku kuvulala anakugawa m'milingo 15. Mulingo 1 ndi kuvulala koopsa zedi, mulingo 15 ndi kochepa. Baji yosayesedwa ndi ya amene analandira chipukuta misozi cha pakamodzi pa mulingo 1 mpaka 8. Apa tcherani khutu, chifukwa mpamene anthu amapunthwa. Mulingowo pawokha si umboni wokwanira. Pafunikanso kuti a Veterans UK, ofesi ya boma yoona za penshoni ndi chipukuta misozi cha asilikali, atsimikize polemba kuti ulumali wanu ndi wokhalitsa, ndi waukulu, ndipo ukuchititsa kuti musayende kapena muziyenda movutika kwambiri. Munthu angathe kukhala pa mulingo wapamwamba chifukwa chovulala dzanja kapena nkhope koma akuyenda bwinobwino, ndiye khomo ili si lake. Ku Wales anaonjezerapo kuti amene anapatsidwa mulingo 6 chifukwa cha matenda a maganizo okhalitsa nayenso alandire osayesedwa.

Tulutsani chikwama cha mapepala chija, muwerenge kalata yanu mzere ndi mzere. Makalata ena akale ali ndi dzina la Service Personnel and Veterans Agency, musadabwe, ndi ofesi yomweyo isanasinthe dzina. Ngati kalata inasowa posamuka, kapena mulibe mawu okhudza kuyenda, imbani ku Veterans UK pa 0808 1914 218. Kuimba ndi kwaulere. Muwauze kuti mukufuna kalata yokaonetsa ku khonsolo pa nkhani ya Blue Badge, ndipo nambala yanu ya usilikali ndi ya National Insurance zikhale pafupi.

Ndipatuke pang'ono. Alipo amene anatuluka usilikali akutsimphina koma sanapemphe chipukuta misozi n'kamodzi komwe, poganiza kuti kutero ndi kudandaula, kapena kuti pafunika loya. Kupempha ndi kwaulere ndipo loya safunika. AFCS imapereka zaka 7 kuchokera pomwe munavulala, ngakhale pali mpata wa matenda oonekera mochedwa. War Pension ilibe malire a zaka, koma ndalama zimawerengedwa kuyambira tsiku lomwe mwapempha, ndiye kuzengereza ndi kutaya ndalama. Komabe musadikire kuti nkhani imeneyo ithe kaye kuti mupemphe baji. Ziyende limodzi.

Khadi la asilikali opuma lija, HM Armed Forces Veteran Card, limangotsimikiza kuti munagwira ntchitoyo. Mukaliika pagalasi la galimoto mupeza tikiti ya chindapusa.

Chachiwiri: onani kalata yanu ya PIP

Ambiri amene anapuma usilikali salowera khomo la asilikali ayi, amalowera la anthu wamba, kudzera m'thandizo la ulumali lotchedwa Personal Independence Payment, limene aliyense amangoti PIP. Mukalata ya PIP muli tsamba la mapointi. Pezani gawo lolembedwa kuti moving around. Ngati pamenepo munapeza mapointi 8 kapena kuposa, kutanthauza kuti simungayende kupitirira mamita 50, simuyesedwa. Chimodzimodzi ngati mumalandira gawo lapamwamba la mayendedwe la thandizo lina la ulumali lotchedwa Disability Living Allowance, kapena munalembetsedwa kuti ndinu wosaona.

Gawo lina la mayendedwe ndi lolembedwa kuti planning and following journeys, ndipo apa lamulo la ku England ndi lokhota. Osayesedwa ndi amene anapeza mapointi 10 enieni pa chilembo E, chimene chimati munthu sangayende ulendo uliwonse chifukwa chosautsika kwambiri m'maganizo. Amene anapeza mapointi 12 pagawo lomweli, ngakhale ndi ochuluka, ayenera kuyesedwa. Kwa ine zimenezi n'zosamveka, koma ndi mmene analembera. Ku Wales ndi ku Scotland mapointi 12 aja ndiwo amadutsa, ndipo ku Scotland PIP inalowedwa m'malo ndi Adult Disability Payment.

Chenjezo kwa ife obwera: PIP ili m'gulu la ndalama za boma zimene munthu wokhala ndi chiphaso choletsa thandizo la boma saloledwa kulandira. Ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo sanalongosoke, konzani kaye amenewo musanapemphe PIP. Kuyambira April 2022, msilikali wochokera kunja amene wagwira zaka 6, kapena amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha kuvulala kapena matenda obwera ndi ntchitoyo, salipira ndalama yopemphera chilolezo chokhala mpaka kalekale. A Royal British Legion ndi a SSAFA, mabungwe othandiza asilikali ndi mabanja awo, amathandiza pa nkhani zotere.

Chachitatu: ngati mulibe kalata iliyonse mwa izi

Musagwe mphwayi. Anthu ochuluka zedi amapeza baji kudzera m'njira yoyesedwa, pamene khonsolo imawerenga zomwe mwalemba, imaona umboni, ndipo mwina imakuitanani kuti ikuoneni mukuyenda. Ku England vuto lanu liyenera kukhala loti likhalapo zaka zosachepera 3. Ku Scotland ndi ku Wales kuli mabaji a kanthawi kwa amene vuto lawo litenga chaka kapena kuposerapo.

Panjira imeneyi mdani wamkulu ndinu nokha. Msilikali anaphunzitsidwa kuti akamufunsa kuti ali bwanji, yankho ndi limodzi basi. Kwathunso tinakula ndi mawu akuti mwamuna salira. Ziwirizi zikaphatikizana, munthu amene amakwera masitepe chokhala pansi amalemba pafomu kuti amavutikako pang'ono koma amakwanitsa. Woyesa sakudziwani. Sanakuonenipo mukutsamira khoma la sitolo kudikira kuti ululu utsike. Ali ndi pepala lokha, ndipo pepala likati mumakwanitsa, iye alemba kuti mumakwanitsa.

Sindikunena kuti mukokomeze. Bodza limagwidwa, komanso kunama pafomu iyi ndi mlandu. Ndikunena kuti mufotokoze tsiku lanu la masiku onse, osati tsiku labwino lija limabwera mwa apo ndi apo. Nenani kuti pa sabata masiku oipa amakhala angati, ndipo pa masiku amenewo chimachitika n'chiyani.

Oyesa amayang'ana mtunda, liwiro, ululu, kupuma movutika, kayendedwe, ndi ngozi yomwe kuyenda kungabweretse. Malangizo omwe boma linapatsa makhonsolo amati munthu wolephera mamita 30 amatengedwa ngati sayenda, pamene woyenda kupitirira mamita 80 popanda vuto lina looneka sayenera baji. Pakati pa manambala awiriwa ndi pomwe kafotokozedwe kanu kamagwira ntchito. Ambiri sitidziwa mamita ndi maso, choncho yezani. Bwalo la mpira ndi lotalika pafupifupi mamita 100, ndiye dzifunseni ngati mungachoke pagolo kufika pakati osaima. Kapena tsegulani mapu a pafoni, muyeze kuchokera pakhomo panu kufika pomwe mumaima kupumula, wina akuwerengereni nthawi.

Fomu ndi ya Chingerezi, koma ganizo lake likhale lotere. M'malo molemba kuti ndimavutika kuyenda, lembani kuti: kuchoka pakhomo kufika pokwerera basi, mamita pafupifupi 60, ndimaima kawiri chifukwa bondo lamanja limawotcha, ndimayenda ndi ndodo, zimanditengera mphindi zinayi, ndipo ndikakakamira kupitirira usiku sindigona, mawa lake sindituluka. Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri. Anthu amaiwala kutchula mtengo womwe amalipira pambuyo poyenda.

Ngati muli ndi mwendo woikirira, musaganize kuti woyesa adziwa yekha. Tchulani masiku omwe chitsa chimatupa kapena kuchita zilonda moti mwendo suvalika, momwe zimakhalira pamalo otsetsereka ndi pa chipale nthawi yozizira, komanso kuti mumafunika kutsegula chitseko chonse cha galimoto kuti mutuluke. A Blesma, bungwe la asilikali oduka ziwalo, nkhani zimenezi amazidziwa bwino ndipo angakuthandizeni kulemba.

Za matenda a maganizo ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe kukanidwa kumapweteka kwambiri. Dzina la matenda silipatsa munthu baji. Kulemba kuti ndili ndi PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akaona zoopsa, ngakhale muikepo kalata ya dokotala yotsimikiza, sikuyankha funso lomwe khonsolo ikufunsa. Funso lake ndi lakuti, chimachitika n'chiyani pakati pa chitseko cha galimoto ndi chitseko cha komwe mukupita, ndipo kuimika pafupi kungathandize bwanji? Malamulo amatchula munthu amene amasautsika kwambiri m'maganizo poyenda, amene amagwidwa ndi mantha aakulu pamalo a anthu ambiri kapena pamtetete, amene amalephera kudzigwira zinthu zikamuchulukira, ndi amene angadzivulaze kapena kuvulaza ena pafupi ndi magalimoto. Fotokozani zomwe zimayambitsa: phokoso ladzidzidzi, anthu oyenda kumbuyo kwanu, malo oimika magalimoto a nsanjika amdima komwe simuona potulukira. Fotokozani zomwe thupi limachita ndi zomwe inu mumachita, kaya kuuma pamalo amodzi, kuthawa osayang'ana msewu, kapena kupsa mtima. Nenani kuti zimachitika kangati. Tchulaninso njira zomwe munayesa kale, monga kukagula zinthu usiku, kupita ndi mkazi wanu kapena kumwa mankhwala, ndi chifukwa chake sizikukwanira. Ndipo nenani mosabisa maulendo omwe munalephera: tsiku la kuchipatala lomwe simunapite, msonkhano wa makolo kusukulu womwe munabwerera pageti.

Kawirikawiri amene amaona zimenezi bwino ndi wa m'nyumba. Mulole alembe zomwe amaona, ngakhale zina zikuchititseni manyazi powerenga.

Umboni wabwino ndi wochokera kwa akatswiri amene amakuonani: dokotala wa mafupa, wa mafizo, wa matenda a maganizo, a Op COURAGE omwe ndi nthambi ya NHS (zipatala za boma) ku England yothandiza asilikali opuma pa za maganizo, a Op RESTORE omwe amaona zovulala za m'thupi, kapena a Combat Stress, bungwe loona za maganizo a asilikali opuma. Powapempha kalata, auzeni kuti ndi ya Blue Badge, kuti alembe za mayendedwe anu osati mbiri ya matenda yokha. Onjezerani mapepala a madokotala a usilikali ngati munachotsedwa ntchito pa zifukwa za umoyo, ndi ndandanda ya mankhwala omwe mumamwa. Musathamangire kulipira GP, dokotala wanu wa masiku onse, kuti akulembereni kalata khonsolo isanaipemphe, poti makhonsolo ambiri sadalira kalata ya GP pogamula. Chomwe muyenera kuchita kwa GP ndi kumuuza kuti munali msilikali kuti alembe m'faelo yanu. Ku Britain, amene anagwira usilikali ngakhale tsiku limodzi amawerengedwa ngati msilikali wopuma.

Chachinayi: dzazani fomu

Ku England, Scotland ndi Wales pitani pa gov.uk, mufufuze apply for a Blue Badge. Ku Northern Ireland ndi pa nidirect. Samalani ndi masamba a pa intaneti ooneka ngati a boma amene amafuna ndalama zambiri kuti akudzazireni fomu. Mtengo weniweni sudutsa £10 ku England, ndi £10 ku Northern Ireland, sudutsa £20 ku Scotland, ndipo ku Wales ndi ulere.

Musanayambe, konzani izi: chithunzi chaposachedwa choonetsa mutu ndi mapewa, chojambula pafoni chikwanira bola kumbuyo kukhale khoma loyera, chiphaso monga pasipoti kapena laisensi, umboni wa adiresi monga bilu ya Council Tax kapena kalata ya boma, nambala ya National Insurance, ndi makalata onse aja. Kalata ya PIP ijambuleni masamba onse, makamaka la mapointi. Fomu imalola kusunga zomwe mwalemba n'kudzapitiriza tsiku lina, ndiye musadzipanikize kumaliza usiku umodzi.

Simukufunika kukhala ndi galimoto kapena laisensi. Baji ndi ya munthu, osati ya galimoto, moti imagwira ntchito m'galimoto ya mwana wanu, ya mnzanu ngakhale mu takisi, bola inu muli paulendowo. Munthu wina angathenso kukudzazirani fomu.

Kanthu kamodzi kamene kamatichedwetsa ife: mayina. Pasipoti ili ndi mayina atatu, mapepala a usilikali ali ndi awiri, kalata ya kuchipatala inalakwitsa chilembo. Onetsetsani kuti dzina la pafomu likufanana ndi la pachiphaso, ndipo ngati mapepala ena asiyana, fotokozani chifukwa chake pamalo a ndemanga. Ngati mwangotuluka kumene m'nyumba za asilikali ndipo mukukhala kwa m'bale, imbirani khonsolo muwafunse umboni wa adiresi womwe angalandire.

Yankho limabwera pasanathe masabata 12, nthawi zambiri. Sungani nambala ya pempho lanu.

Chachisanu: tsiku lokayesedwa, ndi zochita mukakanidwa

Akakuitanani, amene akuyesani amakhala katswiri wa mafizo kapena wothandiza anthu aulumali pa zochita za tsiku ndi tsiku. Pitani ndi ndodo yanu, mankhwala anu ndi munthu wokudziwani. Kuyesa sikuyamba mukakhala pampando, amaona kale momwe mwalowera. Yendani momwe mumayendera. Ululu ukabwera imani, munene kuti wabwera. Apa si pa perete, palibe amene akupatseni mendulo chifukwa cholimba mtima.

Mukakanidwa, kalata iyenera kunena chifukwa chake. Werengani chifukwacho mofatsa mkwiyo ukatsika, kenako lemberani khonsolo kuti iunikenso chigamulo. Ku Scotland muli ndi masiku 28 ochitira zimenezi. Ku England khonsolo iliyonse ili ndi nthawi yake, yolembedwa m'kalatamo. Musangobwereza zomwe munalemba poyamba. Yankhani chifukwa chomwe apereka, ndi umboni watsopano ngati ulipo. Ngati akuti mumayenda mamita 100, onetsani kuti mamitawo mumawayenda bwanji ndipo mawa lake mumakhala bwanji. Mukaona kuti khonsolo sinatsate ndondomeko yake, mwachitsanzo sinawerenge umboni womwe munatumiza, ku England mungakadandaule kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi yomva madandaulo okhudza makhonsolo, mutamaliza kaye njira ya madandaulo ya khonsoloyo.

Ena amafunsa ngati pangano la boma ndi asilikali, Armed Forces Covenant, lingawadumphitse mzere. Panganolo limati msilikali asaponderezeke chifukwa cha ntchito yake, ndipo ovulala angaganiziridwe mwapadera nthawi zina. Silisintha malamulo a baji. Komabe makhonsolo ambiri ali ndi khansala kapena wogwira ntchito woona za asilikali, ndipo pempho likaima popanda yankho, kumulembera sikulakwa. A Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu, nawonso amathandiza kulemba makalata otere kwaulere.

Chachisanu ndi chimodzi: baji yafika

Ibwera ndi kabuku ka malamulo. Werengani, safunsa anadya phula. Baji iikeni pa dashibodi mbali yokhala ndi chizindikiro chonyezimira ndi tsiku lothera ikuyang'ana kumwamba, chithunzi chanu chili pansi. Kuiika chozondotsa kokha kungakupatseni tikiti.

Mumsewu mungaimike ulere pamalo olipira ndi pamalo olembedwa kuti ndi a anthu aulumali, pokhapokha chikwangwani chitanena malire a nthawi. Pa mzere wachikasu, umodzi kapena iwiri, mungaime mpaka maola 3 ku England ndi ku Wales, mutaika kawotchi ka pepala kabuluu kosonyeza nthawi yomwe mwafika. Mukachoka musabwerere pamalo omwewo ola lisanathe. Ku Scotland kulibe malire a maola. Koma yang'anani m'mphepete mwa msewu: ngati pamwala wa m'mbali pali timizere tachikasu todutsa chopingasa, pamenepo ndi poletsa kutsitsa katundu ndipo baji sikutetezani pa nthawi yoletsedwayo. Sikutetezaninso pa mizere yofiira, pa mizere yokhotakhota ya poolokera anthu ndi ya pasukulu, poima mabasi, kapena paliponse pomwe galimoto yanu ingatseke njira kapena kubweretsa ngozi, monga pafupi ndi mphambano.

Malo oimika magalimoto a kunja kwa msewu, a masitolo akuluakulu, a mabwalo a ndege ngakhale a khonsolo yeniyeniyo, ali ndi malamulo awoawo. Kwina ndi ulere, kwina mulipira ngati wina aliyense. Chikwangwani chapakhomo ndicho chimalamula. Zipatala za NHS ku England zimayenera kupereka malo aulere kwa okhala ndi baji, koma m'zipatala zambiri mumayenera kulembetsa nambala ya galimoto polandirira alendo, apo ayi makamera akutumizirani chindapusa kunyumba.

Pakati pa mzinda wa London ndi nkhani ina. Ku City of London, Westminster, Kensington and Chelsea ndi mbali ina ya Camden, ufulu wa baji ndi wochepa ndipo pa mizere yachikasu musaime. Ndalama ya Congestion Charge, yolipira polowa ndi galimoto pakati pa mzindawo, simulipira, koma pokhapokha mutalembetsa kaye ku Transport for London. Baji payokha sichotsa ndalama ya ULEZ, yolipira magalimoto otulutsa utsi wambiri.

Tsopano nkhani yovuta kukamba pachibale. Baji ndi yanu nokha, ndipo mwini wake weniweni ndi khonsolo. Wina angaigwiritse ntchito pokusiyani kapena pokutengani. Sangaigwiritse ntchito pokakugulirani zinthu inu muli kunyumba, ndipo si bwino kuti inu mungokhala m'galimoto kuti mnzanu wamiyendo yabwino apezerepo malo. Chiyeso chachikulu chimabwera mukamapita kumudzi, ku maliro kapena ku Khirisimasi, n'kusiyira mphwanu galimoto. Chotsanimo baji, muitsekere m'nyumba. Ku Malawi kapena ku Zambia ilibe ntchito, koma m'manja mwa munthu wina ku Britain ingabale chindapusa chofika £1,000, kulandidwa kwa baji, ndi mlandu wolembedwa. Kwa m'bale amene akudikira mapepala okhalira m'dzikomo, mlandu wotere si kanthu kakang'ono. Kukana m'bale n'kowawa, koma muuzeni zoona, kuti mukumuteteza iye yemwe.

Amene ulumali wanu suoneka, konzekani kuyang'anidwa ndi diso loipa mukatuluka m'galimoto mukuyenda bwino. Munthu wodutsa alibe ufulu wokufunsani matenda anu kapena woona chithunzi cha pabaji. Amene ali ndi mphamvu yoipempha ndi apolisi ndi ogwira ntchito yoyang'anira kaimikidwe ka magalimoto, ndipo amenewo akaipempha apatseni osalimbana nawo.

Baji imakhala zaka zosapitirira 3. Ngati munaipeza kudzera mu PIP ndipo thandizolo litha zaka zitatu zisanakwane, bajinso ithera tsiku lomwelo. Siidzikonzanso yokha, mumapempha mwatsopano ndi umboni watsopano, choncho ikani chikumbutso pafoni miyezi itatu tsiku lothera lisanafike. Ikasowa nenani pa gov.uk, ikabedwa nenaninso kupolisi. Mwini wake akamwalira, achibale aibweze ku khonsolo.

Makalata omwe mwasonkhanitsawa musawataye, amatsegulanso makomo ena. Amene amalandira War Pensioners' Mobility Supplement, Armed Forces Independence Payment (ndalama ya asilikali ovulala kwambiri) kapena gawo lapamwamba la mayendedwe la PIP salipira msonkho wa galimoto akalembetsa, ndipo angabwereke galimoto yatsopano kudzera ku Motability, ndondomeko yobwereketsa magalimoto kwa anthu aulumali, polipira ndi ndalama ya mayendedwe yomweyo. Ngati nyumba yanu ilibe bwalo loimikapo ndipo mumavutika kupeza malo mumsewu wanu, pemphani khonsolo ikujambulireni malo a anthu aulumali pafupi ndi khomo. Limenelo ndi pempho lapadera lokhala ndi fomu yake, ndipo m'madera ambiri malowo sakhala anu nokha, aliyense wokhala ndi Blue Badge angaimikepo.